Mabase 411 a Ohtani ndi 457 a Babe Ruth: mmene amawerengera total bases ndi zimene nambalayi imabisa

Sizoni ya 2024 ya Major League Baseball, ligi yaikulu ya masewero a baseball ku America, itatha, amene anatsogola pa batting average (ma hit kugawa ndi mipata yomenyera) mu National League, limodzi mwa magawo awiri a ligiyi, anali Luis Arraez wa San Diego Padres, yemwe anamaliza ndi .314. Shohei Ohtani wa Los Angeles Dodgers anabwera pambuyo pake ndi .310. Arraez anamenya ma hit 200, Ohtani 197. Mipata yomenyera yomwe imawerengedwa, imene amaitcha ma at-bat, inali pafupifupi yofanana: 637 kwa Arraez, 636 kwa Ohtani. Munthu wongoyang'ana nambala zimenezi anganene kuti awiriwa ankalingana mphamvu. Koma mukafunsa kuti ma hit amenewo anawafikitsa patali bwanji, nkhani imatembenuka. Arraez anatolera mabase 250, Ohtani 411. Mpata wa mabase 161 umenewu ndiwo total bases imayeza.

Kwa amene masewerowa ndi achilendo: womenya amaima pa home plate, ndipo woponya amamuponyera mpira ali pa mtunda wa mamita 18.44. Akaumenya n'kugwera m'bwalo, amathamangira ku base yoyamba, kenako yachiwiri, yachitatu, n'kubwerera pa home plate pomwe anachokera. Kuchoka pa base ina kufika pa inzake ndi mafiti 90, kapena kuti mamita 27 ndi pang'ono. Hit ndi pamene womenya wafika pa base asanatulutsidwe, chifukwa cha mmene wamenyera, osati chifukwa otchinga m'bwalo alakwitsa. Akaima pa base yoyamba ndiye single, ndipo imawerengedwa 1. Akafika yachiwiri ndi double, 2. Yachitatu ndi triple, 3. Akazungulira onse anayi, makamaka mpira ukadumpha mpanda, ndi home run, 4. Mukaphatikiza zonsezi kwa sizoni yathunthu, mwapeza total bases.

Kuwerengako n'kosavuta, koma ambiri amapunthwa pamalo amodzi. Matebulo a zotsatira nthawi zambiri salemba ma single paokha. Amalemba H, 2B, 3B ndi HR, ndipo H imeneyo ili kale ndi ma double, ma triple ndi ma home run m'kati mwake. Tengani Ohtani: H 197, 2B 38, 3B 7, HR 54. Choyamba pezani ma single pochotsa 38, 7 ndi 54 pa 197, atsala 98. Ndiye 98, kuphatikiza 76 ya ma double, 21 ya ma triple ndi 216 ya ma home run, zikupereka 411. Wothamanga magazi amene sanachotse kaye, n'kungoyamba ndi 197, apeza 510, nambala imene palibe munthu anaifikapo m'mbiri ya ligi. Njira yachidule yomwe olemba zotsatira amakonda ndi iyi: tengani H monga ilili, onjezerani ma double kamodzi, ma triple kawiri, ma home run katatu. Kwa Ohtani ndi 197 + 38 + 14 + 162. Kwa Arraez, yemwe anali ndi ma double 32, ma triple 3 ndi ma home run 4 okha, ndi 200 + 32 + 6 + 12. Apa ndiye zikuoneka poyera: pa ma hit 200 a Arraez, 161 anali ma single.

Dzina loti total bases limasokeretsa pang'ono, chifukwa si base iliyonse imene wosewera waponda yomwe imalowamo. Woponya akaphonya kanayi n'kumupatsa womenya walk, base yoyamba ija ndi yaulere ndipo siwerengedwa. Mpira ukamugunda womenya pathupi n'kupita pa base, siwerengedwanso. Wotchinga akagwetsa mpira womwe amayenera kuugwira, imeneyo ndi error. Womenya angafike ngakhale pa base yachiwiri, koma pa total bases wapeza ziro, ndipo at-bat ija yamuthera. Chimodzimodzi pa fielder's choice, pamene wotchinga wasankha kutulutsa wothamanga wina m'malo mwa womenyayo. Mabase obedwa, amene wothamanga amafikapo mozemba mnzake asanamenye mpira, nawonso ali kunja. Ohtani anaba mabase 59 m'chaka chomwecho cha 2024, n'kukhala woyamba m'mbiri kufikitsa ma home run 50 ndi mabase obedwa 50 mu sizoni imodzi, koma pa 411 paja palibe ngakhale imodzi mwa 59 amenewo.

Pabwalo lililonse pamakhala official scorer, munthu amene amagamula ngati chachitikacho ndi hit kapena error, komanso kuti hit imeneyo ndi ya mabase angati. Malamulo ake ali ndi timakona tina tomwe ngakhale okonda masewerowa a zaka zambiri amatiiwala.

Koyamba ndi womenya amene wafuna zochuluka. Pa 19 September 2024, ku Miami, Ohtani anamenya kasanu ndi kamodzi osaphonya: ma home run atatu, ma double awiri ndi single imodzi, mabase 17 pa masewero amodzi, Dodgers n'kupambana 20–4. Pa imodzi mwa ma double aja iye anayesa kupitirira mpaka pa base yachitatu, ndipo anamutulutsa atatsala pang'ono kufika. Lamulo limati amapatsidwa base yomaliza imene anafikapo bwinobwino, choncho inalembedwa double. Akanafika, bwenzi ili triple ndi mabase 18. Rekodi ya masewero amodzi ndi 19, yomwe Shawn Green wa Dodgers anaika pa 23 May 2002 ku Milwaukee ndi ma home run anayi, double ndi single. Nick Kurtz wa Athletics anailinganiza mu July 2025 ku Houston ndi kamenyedwe kofanana ndendende.

Kachiwiri n'kodabwitsa. Womenya akatsetsereka pansi polowa pa base yachiwiri, n'kuipitirira, wotchinga n'kumukhudza ndi mpira asanabwerere, amangopatsidwa single. Amaonedwa ngati base ija sanaigwire. Koma akaiponda ali chiimire, n'kupitirira, n'kutulutsidwa pobwerera, amapatsidwa double. Mtunda wathamangidwa ndi womwewo, kusiyana n'kwakuti wina analowa chogona, wina choimirira. Kachitatu ndi kuponyera kwina: womenya wamenya single, wotchinga n'kuponya mpira ku home plate pofuna kutulutsa wothamanga wina, womenya uja n'kupezerapo mwayi wofika pa base yachiwiri. Imeneyo ikhalabe single, chifukwa base yachiwiriyo sinabwere ndi ndodo.

Komaliza ndi hit yotsekera masewero. Timu ya pakhomo ikamamenya mu inning (chigawo cha masewero) yomaliza zigoli zili zofanana, wothamanga ali pa base yachitatu, womenya angathe kuumenya mpira mpaka kukagunda mpanda, koma masewero amatha wothamanga uja akangoponda home plate. Womenyayo amapatsidwa mabase ofanana ndi amene wothamanga wopambanitsayo wayenda, apa ndiye imodzi. Home run yodumpha mpanda yokha ndiyo imawerengedwa yonse, bola womenyayo azungulire mabase onse. Robin Ventura wa New York Mets anadumphitsa mpanda mabase onse ali odzaza mu mpikisano wa National League Championship Series wa 1999, koma anzake anamuunjirira ndi chisangalalo asanafike pa base yachiwiri, ndipo zinalembedwa kuti single. Tinene pano kuti masewero a postseason ngati amenewa, olimbirana ukatswiri sizoni itatha, ali ndi kaundula wawo. Salowa mu nambala za sizoni.

Tsopano pa funso lenileni: kodi wotsogola pa total bases ndiye womenya bwino kuposa onse? Chaka cha 2024 chomwechi chimapereka yankho. Aaron Judge wa New York Yankees anatsogola mu American League, gawo linalo la ligiyi, ndi mabase 392: ma hit 180, ma double 36, triple imodzi, ma home run 58. Anatsalira kwa Ohtani ndi 19. Koma Judge anali ndi ma at-bat 559 okha pamene Ohtani anali ndi 636. Mukagawa total bases ndi ma at-bat mumapeza slugging percentage, yomwe imanena mabase amene womenya amapeza pa at-bat iliyonse. Ya Judge ndi 392 kugawa ndi 559, yomwe ndi .701. Ya Ohtani ndi .646. Pa mpata uliwonse umene anapatsidwa, Judge ndiye ankavulaza kwambiri.

Nanga ma at-bat 77 amenewo anapita kuti? Si kuvulala ayi, popeza Judge anasewera masewero 158 ndipo Ohtani 159. Ambiri anathera mu ma walk: Judge anapatsidwa 133, Ohtani 81, ndipo walk siwerengedwa ngati at-bat. Otsalawo ndi nkhani ya malo pa mndandanda womenyera. Ohtani anayamba sizoni akumenya wachiwiri, ndipo Mookie Betts atathyoka dzanja mu June anamukweza kukhala woyamba. Judge nthawi zambiri ankamenya wachitatu, pambuyo pa Juan Soto. Woyamba pa mndandanda ndiye amabwereranso pa home plate kawirikawiri, ndipo malo aliwonse amene mwatsika amakudyerani mipata pafupifupi 18 pa sizoni. Pa pepala, .701 pa ma at-bat 636 imapereka mabase pafupifupi 446. Komatu zimenezo ndi za pa pepala, chifukwa oponya salola kuti munthu wotero aone mipira yabwino ka 636.

Msampha waukulu wa nambalayi uli pomwepa. Womenya akamaopsa kwambiri, m'pamene oponya amamuzemba kwambiri, ndipo akamamuzemba, total bases yake imaima. Chitsanzo chomwe sichidzaiwalika ndi Barry Bonds wa San Francisco Giants mu 2004. Anapatsidwa ma walk 232, ndipo 120 mwa amenewo anali adala, timu yotsutsana itangoganiza kuti kuli bwino apite pa base yoyamba kusiyana n'kuti amenye. Anatsala ndi ma at-bat 373. Slugging yake inali .812, on-base percentage .609, kutanthauza kuti pa maulendo khumi aliwonse obwera pa home plate, asanu ndi limodzi ankafika pa base. Total bases yake? 303 basi. M'chaka chomwecho Ichiro Suzuki wa Seattle Mariners anamuposa ndi 320. Ichiro anaika rekodi ya ma hit 262 pa ma at-bat 704, koma 225 anali ma single, ma home run asanu ndi atatu okha, slugging .455. Palibe woponya wa chaka chimenecho amene akanasankha kukumana ndi Bonds m'malo mwa Ichiro, komabe tebulo la total bases limaika Ichiro pamwamba. Ted Williams naye, amene ambiri amamuika m'gulu la omenya bwino koposa m'mbiri, sanafikepo pa 400. Mu 1941 pamene anamenya .406 anali ndi mabase 335, chifukwa ma walk anamudyera mipata yoposa 140.

Izi sizikutanthauza kuti nambalayi ndi yachabe. Imayankha funso lina, ndipo imaliyankha bwino: kodi ndodo ya munthuyu yagwira ntchito yochuluka bwanji kuyambira sizoni itayamba mpaka kutha? Slugging ingathe kukhala yokwera kwa munthu amene wasewera theka la sizoni. N'chifukwa chake ligi imafuna kuti wosewera afike pa home plate ka 3.1 pa masewero aliwonse a timu yake, yomwe ndi 502 pa masewero 162, kuti alowe pa mndandanda wa otsogola. Total bases sifuna malire otero. Amene wagona m'chipatala milungu isanu ndi umodzi amadzichotsa yekha. Kuti munthu akwere pamwamba pamafunika zinthu zitatu nthawi imodzi: mphamvu, kusaphonya pafupipafupi, ndi thupi losatopa kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa September. Kwa Ohtani, chachitatuchi chinathandizidwa ndi chinthu chomwe poyamba chinkaoneka ngati tsoka. Anachitidwa opaleshoni ya chigongono mu September 2023, choncho 2024 yonse sanaponye, anangokhala designated hitter, womenya yekha wosatchinga m'bwalo.

Njira zofikira pa nambala yaikulu ndi zingapo. Bobby Witt Jr. wa Kansas City Royals, yemwe anali ndi ma at-bat 636 ofanana ndi a Ohtani, anapeza mabase 374 ndi ma home run 32 okha. Zotsalazo anazitolera ndi ma hit 211, ma double 45 ndi ma triple 11, liwiro la miyendo likusandutsa single kukhala double. Amene akufuna kuona mphamvu payokha amachotsa batting average pa slugging, n'kupeza nambala yotchedwa isolated power. Ya Judge mu 2024 inali .379, ya Ohtani .336, ya Witt .256, ya Arraez .078.

Mzere umene akatswiri amauona ngati wa anthu ochepa ndi 400. Rekodi ndi ya Babe Ruth, 457 mu 1921: ma single 85, ma double 44, ma triple 16, ma home run 59. Otsatira ndi Rogers Hornsby wa St. Louis Cardinals ndi 450 mu 1922, yomwe ndi rekodi ya National League mpaka lero, Lou Gehrig ndi 447 mu 1927, Chuck Klein ndi 445 mu 1930, ndi Jimmie Foxx ndi 438 mu 1932. Onani zakazo: asanu onse apamwamba ali m'zaka khumi ndi ziwiri zokha. Gehrig yekha anadutsa 400 kasanu. Stan Musial anafika 429 mu 1948, Hank Aaron 400 ndendende mu 1959, kenako kunagwa chilala. Kuchokera pamenepo mpaka 1997, amene anadutsa mzerewu anali Jim Rice wa Boston Red Sox yekha, ndi 406 mu 1978. Ngakhale akatswiri otchuka Willie Mays ndi Mickey Mantle sanafikepo.

Kenako mwadzidzidzi zinachuluka. Larry Walker 409 mu 1997, Sammy Sosa 416 mu 1998, Todd Helton 405 mu 2000, ndipo mu 2001 anthu anayi nthawi imodzi: Sosa 425, Luis Gonzalez 419, Bonds 411, Helton 402. Chaka chimenecho chitapita, panadutsa zaka 23 Ohtani asanafike. Albert Pujols anatsala pang'ono ndi 394 mu 2003. Judge ndi ma home run 62 ake a 2022 anaima pa 391.

Zinthu zikamabwera mowunjikana chonchi, chifukwa chake sichikhala mwa osewera okha. Mu 1930 National League yonse, kuphatikizapo oponya omwe, inamenya average ya .303, ndipo Klein ankasewera pa Baker Bowl ku Philadelphia, pomwe mpanda wa kudzanja lamanja unali pa mafiti pafupifupi 280 okha, iye ali womenya chamanzere wokokera mpira mbali yomweyo. Walker ndi Helton onse anali a Colorado Rockies, ndipo bwalo lawo la Coors Field ku Denver lili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere. Mpweya wa kumeneko ndi wopyapyala: mpira womenyedwa umauluka patali, mpira woponyedwa supinda monga umachitira kwina, ndipo popeza mipanda anaiika patali pofuna kuchepetsa ma home run, pakati pa otchinga pamakhala malo aakulu ogwerapo ma double. Kuyambira 2002 timuyi inayamba kusunga mipira m'chipinda cha chinyezi kuti isaume n'kumadumpha kwambiri. Zaka za m'ma 1998 mpaka 2001 zilinso ndi mthunzi wa mankhwala okulitsa minofu, omwe panthawiyo ligi inali isanayambe kuyeza ndi kulanga mwamphamvu. Sikuti aliyense amene ali pa mndandanda wa zaka zimenezo anakhudzidwa, koma wowerenga nambala za nthawi imeneyo amayenera kuzikumbukira.

Kutalika kwa sizoni nakonso kumalowerera, ngakhale mosiyana ndi mmene munthu angaganizire. Ruth, Hornsby, Gehrig ndi Musial ankasewera masizoni a masewero 154. American League inapita ku 162 mu 1961, National League mu 1962. Osewera a masiku ano ali ndi masewero asanu ndi atatu oonjezera, komabe sakuwapeza. Mbali inayi, mu May 2024 ligi inalowetsa nambala za Negro Leagues, maligi a osewera akuda a nthawi ya tsankho, mu kaundula wake. Josh Gibson anatenga rekodi ya slugging ya sizoni imodzi ndi .974 ya 1937, komanso ya moyo wonse ndi .718, kuposa .690 ya Ruth. Koma pa total bases sanasunthe aliyense, chifukwa masewero a ligi amene matimu awo ankasewera pa chaka anali ochepa kwambiri. Nambala yowunjika imadalira mipata, ndipo Gibson mipatayo sanapatsidwe.

Chimene chasintha kwambiri ndi kamenyedwe. Yang'anani ma triple: Ruth 16, Gehrig 18, Musial 18, Rice 15. Judge anali ndi imodzi mu 2024 ndipo analibe ngakhale imodzi mu 2022. Mabwalo akale anali ndi pakati patali, mpira unkagubuduka wotchinga akuuthamangira. Masiku ano mipanda inayandikira, otchinga amaima motsatira makompyuta omwe amadziwa kumene womenya aliyense amakonda kugwetsera, ndipo makochi salola munthu wamphamvu kudziika pangozi pa base yachitatu. Yang'ananinso ma strikeout, pamene womenya watulutsidwa ataphonya katatu. Musial anatulutsidwa motero ka 34 kokha mu 1948, n'chifukwa chake anafika pa 429 ndi ma home run 39 okha, atamenya ma hit 230. Ruth, amene m'nthawi yake ankatchuka kuti amaphonya kwambiri, anali ndi 81 mu 1921. Ohtani anali ndi 162. Strikeout iliyonse ndi at-bat yopanda base, ndipo womenya wa lero amakumana ndi oponya atatu kapena anayi pa masewero amodzi, omalizawo ali osatopa, akuponya liwiro loposa makilomita 150 pa ola.

Pa moyo wonse wa wosewera, nambalayi imakomera amene anakhalitsa osatsika. Hank Aaron ali ndi 6,856. Pujols ali wachiwiri ndi 6,211, Musial wachitatu ndi 6,134. Aaron sanamenyepo ma home run 50 mu sizoni imodzi, koma mutachotsa ma home run ake onse 755 pa ma hit 3,771, amatsalabe ndi 3,016.

Kuti wina lero afike pa 457 ya Ruth, masamu ake ndi owuma. Pa ma at-bat 630, omwe ndi ochuluka kale kwa womenya wamphamvu, pamafunika slugging ya .725. Koma munthu akangoyamba kumenya .725, oponya amayamba kumuzemba, ndipo ma at-bat amatsikira cha m'ma 550, pomwe pamafunika .830. Ruth mu 1921 anamuzemba ndithu, ma walk oposa 140, n'kutsala ndi ma at-bat 540 pa masewero 152. Slugging yake inali .846, ndipo pa ma hit ake 204, okwana 119 anali a mabase awiri kapena kuposerapo.